Mchira Si Pakamwa

Wotchi ikuti leveni koloko usiku
koma dzuwa la Julaye lakana kulowa,
langotsamira pamapiri a chipale
ngati mlendo wosadziwa kutsazika.
Taima mumtsinje wa Kenai, madzi m'mawondo,
phewa kuphewa,
anthu makumi asanu osadziwana bwino,
aliyense ndi mkono umodzi wa mtsinje
umene akuutcha wake.

Kumanzere kwanga kuli Delfina Cabading,
wangoweruka kumene kufakitale ya nsomba za m'zitini.
Tsiku lonse amatumbula za eni,
tsopano akufuna yake.
Kumanja kuli Arlo, mkulu wogontha khutu limodzi,
amene amapha udzudzu akuutchula maina a mabwana ake akale.

Ponya, koka, tukula.
Ponya, koka, tukula.
Mtovu ukugogoda pansangalabwi, go, go, go,
ndikuumva m'chigongono.

Salimoni ikalowa mumtsinje sidyanso.
Nyambo ilibe nayo ntchito.
Imangokwera, kukamwa yasa, tseke, yasa,
mimba pululu, ulendo wokhawokha,
ife n'kumangodutsitsa chingwe pamene ikupumira,
kenaka kumowa tikadzitche akatswiri.

Zimene zikundikhudza m'miyendozi
zinaswedwa chaka chimene Linnea anakwera ndege.
Ndawerenga zala. Zatha zonse zisanu.
Izo zinapita kunyanja kopanda chikwangwani,
zazemba maukonde, zazemba mano,
n'kununkhiza madzi akwawo pakati pa madzi onse a dziko.
Iye ali ndi foni. Msewu wa kunyumba amaudziwa.
Amati madzi saiwala khwawa,
koma amene ananenayo sanabereke mwana
wouma mutu ngati bambo wake.

Kenaka gwi!
Ndodo yapinda msana, chingwe chalira nziii.
"Yakola!"
Mzere wonse watukula mbedza kundipatsa njira.
Ndikutsetsereka nayo, jombo zadzaza madzi oluma,
koma kathawidwe kake n'kachilendo,
ikundikoka ngati galu wogwidwa mwendo,
ndipo manja adziwa kale zimene maso sanaone.

Delfina waitunga m'kaukonde.
Siliva yekhayekha, waliwali,
nsabwe za m'nyanja zikadali pakhungu:
dzulo lomweli inali m'madzi amchere.
Mbedza ili kumchira.

Lamulo lake ndi lalifupi.
Yokola pakamwa ndi yako,
yokola pena ndi ya mtsinje.
Woyang'anira uja galimoto lake linachoka kalekale.
Arlo wayamba kuwerenga ziombankhanga m'mitengo.
Delfina sakunena kanthu,
wangotsitsa kaukonde pang'ono
kuti nsomba izipuma ine ndikuganiza.

Kunyumba firiji ikungolira yokha,
ndipo chisanu kuno chimakhala miyezi isanu ndi iwiri.
Iyinso ikupita kukafa basi.
Ikafiira psuu, chibwano chikapindika,
ikayamba kuola ikadali moyo
pamwamba pa mazira amene sidzawaona akuswa.
Ndikaidya ine kapena mphutsi, pali kusiyana kwanji?

Ndagwada.
Ndazula mbedza ndi zala zosamva kanthu.
Ndaigwira pamimba, mutu kuloza kumtunda,
ndikuigwedeza pang'onopang'ono
mpaka yakumbukira kumene imapita.
Thibu!
Yandimwaza madzi kumaso, zikomo wake ndi ameneyo.

Pabwalo la ndege paja
nanenso ndinakola kumchira, ndinakoka,
chingwe chinaduka.

Tsidya lija chimbalangondo chatuluka m'thengo ndi ana awiri.
Chagwira yake pamsana, chaidya chikutiyang'ana,
lamulo sichinawerengepo.
Delfina waseka, koyamba usiku uno,
wandipatsira khofi wa m'fulasiki, wozizira kale,
wonunkha nsomba za eni.

"Malo ako ndakusungira," akukuwa Arlo,
ngati wogontha ndine.
Ndabwerera pa mkono wanga wa mtsinje.
Dzuwa lalowa theka, likuganiza zobwerera.

Ponya, koka, tukula.

Foni ndinaisiya m'galimoto,
pampando wakutsogolo,
yoyatsa.